Nkhondo ya Chiwaya ndi Chikumbutso cha Amtengatenga

Nsanja ya ku Zomba

M'mzinda wa Zomba, pafupi ndi kampu ya asilikali ya Cobbe Barracks, pali nsanja yaitali yomangidwa ndi njerwa. Nsanjayi anaimanga itatha nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, kuti ikhale chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, amene anthu a m'midzi anali kuwatchula Akeyala. Chaka ndi chaka, m'mwezi wa Novembala, anthu asonkhana pa nsanja zotere. Atsogoleri a zipembedzo apemphera, akulu a Boma aika nkhata za maluwa ofiira, ndipo asilikali okalamba akhala pamipando yakutsogolo atavala mendulo zao pachifuwa. Tsono woomba lipenga aimirira yekha naomba, ndipo khamu lonse likhala chete mphindi ziwiri.

Mwambo wokhala chetewu unayamba m'chaka cha 1919. Mfumu George V ya ku Britain inapempha anthu a m'maiko ake onse kuti aime chete pa 11 koloko m'mawa, tsiku la 11 Novembala, pakuti pa nthawi imeneyo chaka cha 1918 mfuti zinaleka kulira ku Ulaya.

Kukumbukira akufa ndi chinthu choyenera. Koma pali funso lofunika kulifunsa: kodi akumbukiridwa ndani, nanga aiwalika ndani? Mwa amuna onse a m'Nyasaland amene anapita kunkhondo imeneyo, ochuluka sanagwireko mfuti ai. Iwo anasenza katundu. Nkhani ino isimba za anthu amenewo, ndi mmene anaonekera kapena kusowera m'njira zinai zimene nkhondoyo inakumbukiridwa nazo: mau a abusa, nthano za m'mabuku, nyimbo za m'midzi, ndi miyala ya chikumbutso.

Mmene Nkhondo Inafikira Kuno

Dziko la Britain linalowa nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914. Mlandu wake unali wa mafumu a ku Ulaya, ndipo munthu wa ku Karonga kapena ku Mulanje analibe nao kanthu. Koma masiku amenewo dziko la Tanganyika, limene lero lili gawo lalikulu la Tanzania, linali m'manja mwa Ajeremani, ndipo malire ake ndi Nyasaland kumpoto anali mtsinje wa Songwe. Chotero moto wa kutali unayaka pakhomo.

Mfuti zoyamba zinalira panyanja. Pa 13 Ogasiti sitima ya Boma yotchedwa Guendolen, yoyendetsedwa ndi Captain Rhoades, inakapeza sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda poikonza, padoko la Sphinxhaven, pamene lero atcha Liuli. Rhoades anaiombera ndi mzinga naiononga. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali bwenzi la Rhoades, ndipo sanadziwe n'komwe kuti nkhondo yayamba. Anabwera pabwato ali wokwiya kudzafunsa chimene chamlowa mnzakeyo, ndipo pomwepo anamgwira ukaidi. Kuyambira tsiku limenelo nyanja inali m'manja mwa Angerezi.

Pa 9 Sepitembala Ajeremani, ataoloka Songwe, anathira nkhondo boma la Karonga, koma Akeyala anawapirikitsa. Ofa ochuluka mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. Panalinso chinthu china chomvetsa chisoni. M'chaka cha 1911 Boma linathetsa gulu lachiwiri la Keyala kuti lisunge ndalama, ndipo ena mwa amuna ochotsedwawo anakalembedwa usilikali kwa Ajeremani. Kotero pankhondoyi ana a dziko limodzi anapezeka mbali zonse ziwiri.

Anthu anaitcha nkhondoyi Nkhondo ya Chiwaya, chifukwa cha mfuti yatsopano yolavula zipolopolo zambiri osapuma, imene kulira kwake kunali ngati chimanga chothetheka m'chiwaya.

M'mwezi wa Meyi 1916 General Edward Northey anatsogolera magulu a Nyasaland ndi Rhodesia kulowa m'dziko la Ajeremani. Mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anali munthu wochenjera. Podziwa kuti anthu ake ngochepa, sanafune nkhondo imodzi yaikulu yotha zonse. Anali kumenya, nathawa, nakokera adani ake m'tchire. M'mwezi wa Novembala 1917 anaoloka mtsinje wa Rovuma kulowa m'dziko la Apwitikizi. Chaka chotsatira anafika pafupi ndi Quelimane, nabwereranso kumpoto, nalowa m'Northern Rhodesia, ndilo dziko la Zambia. Anamva kuti nkhondo yatha ali pamtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, kumene lero atcha Mbala, pa 25 Novembala 1918. Ulendo wonsewu Akeyala anali kumlondola wapansi.

Amtengatenga

Msilikali sangamenye nkhondo wopanda ufa, mchere, zipolopolo ndi mankhwala. M'maiko mmene nkhondoyi inadzera munalibe misewu yabwino ya magalimoto, ndipo akavalo, abulu ndi ng'ombe zokoka ngolo zinali kufa ndi matenda a kaodzera. Chotsala chinali mutu wa munthu.

Katundu wa magulu a Northey anali kuchokera kunyanja yamchere, nabwera pa Zambezi ndi panjanji kufika ku Blantyre, napitirira ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi. Kumeneko sitima zinamtenga kumka naye kumpoto kwa nyanja. Kuchokera pagombe, zonse zinayenda pamitu ya amuna otchedwa amtengatenga. Munthu mmodzi anali kusenza mapaundi 50 kapena 60.

Apa panali vuto losavuta kuliwerenga. Munthu wosenza ufa nayenso afunika kudya. Akayenda masiku khumi kupita ndi masiku khumi kubwerera, gawo lalikulu la ufa umene anasenza latha ndi iye mwini. Chotero asilikali akamka natalikira, amtengatenga ofunika anali kuchulukirachulukira, ena osenza chakudya cha asilikali, ena osenza chakudya cha osenza anzao. Olemba mbiri awerenga kuti Nyasaland inapereka asilikali pafupi 19,000, koma amtengatenga pafupi 200,000. Ndipo pa kalembera wa 1921 anthu onse a m'dziko, amuna, akazi ndi ana, anali pafupi 1,200,000 okha.

Amuna ochuluka chotere sakadapezeka mwa kufuna kwao. Mafumu analamulidwa kupereka chiwerengero cha amuna, ndipo mfumu yolephera inali kulangidwa. Amesenjala ndi apolisi anali kuzinga midzi usiku. Amuna ena anathawira kumapiri, ena kutsidya la malire. Anthu anaitcha ntchitoyi thangata, monga anatchera ntchito yokakamiza ya m'minda ya Azungu. Kumudzi makasu anatsala ndi akazi ndi okalamba, pamene Boma linali kufunanso chimanga ndi ng'ombe zodyetsa magulu ake.

Panjira mavuto anali akulu. Amuna a kuchigwa chotentha anakwera mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja opanda nsapato ndi opanda zofunda zokwanira. Phoso linali kuperewera, ndipo nthawi zambiri panalibe mpata wophika bwino. Kamwazi, chibayo ndi malungo zinapha anthu ambiri koposa zipolopolo. Wodwala panjira anali kutsala, pakuti mzere sunaime. Ndipo chakumapeto kwa 1918 nthenda ya fuluwenza inatsata njira zomwezo za nkhondo, nipha anthu m'makampu ndi m'midzi momwe.

Koma chowawa choposa kwa otsala kumudzi chinali kusadziwa. Mwa mwambo wa makolo, munthu akafa abale amuona, namuika, nalira, ndipo pambuyo pake ameta, kuti maliro athe. Mtengatenga wofera m'tchire la ku Songea kapena kutsidya la Rovuma analibe manda odziwika. Mkazi wake sanadziwe ngati ali wokwatiwa kapena wamasiye, ndipo amai ake anapitirira kuyang'ana kunjira.

Mau a Abusa

Nkhondoyi inaika mipingo pamalo ovuta. Amishoni a ku Scotland ku Blantyre ndi ku Livingstonia anali atalalikira zaka zambiri kuti nkhondo za mitundu ndi ukapolo zithe. Kumpoto kwa Songwe amishoni a Chijeremani anali kulalikira uthenga womwewo. Tsono anthu anaona Akristu a ku Ulaya akuphana okhaokha, naitana anthu akuda kuti awathandize kuphanako. Sitima ya Chauncy Maples ya mishoni ya ku Likoma, imene inamangidwa kuti inyamule aphunzitsi ndi uthenga wa mtendere, inayamba kunyamula asilikali.

Amishoni ambiri anaima ndi Boma. Ena anapita okha kunkhondo. Bishopu Frank Weston wa ku Zanzibar anatsogolera gulu la amtengatenga m'chaka cha 1916, nayenda nao wapansi, nawasamala monga mbusa. Mbusa Robert Napier wa mishoni ya Blantyre, amene anathandiza pantchito yomasulira Buku Lopatulika m'Chinyanja, anaphedwa m'dziko la Apwitikizi m'chaka cha 1918, ndipo sanalione bukulo pamene linatuluka m'chaka cha 1922. Anthu amenewa sanali amantha, ndipo sanali opanda chifundo.

Koma mbusa amene anafunsa funso lenileni anali munthu wakuda. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, naphunzira ku Lynchburg m'dera la Virginia, nabwerera kudzayamba mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, m'chaka cha 1900. Iye anali ataona kale amuna a dziko lino akutumizidwa kunkhondo za kutali, ku Ashanti ndi ku Somaliland. Atamva za mwazi wokhetsedwa ku Karonga, analemba kalata kunyuzipepala ya Nyasaland Times m'mwezi wa Novembala 1914.

Mfundo za kalatayo zinali zomveka. Pa nthawi ya mtendere, munthu wakuda sapatsidwa ulemu kapena gawo m'zabwino za dziko. Koma pa nthawi ya nkhondo aitanidwa kuti akhetse mwazi wake mofanana ndi Mzungu. Ngati nkhondo ifunika, apite olemera ndi eni chuma amene adzapindula nayo, osati amphawi amene pakufa asiya akazi amasiye ndi ana amasiye m'umphawi. Ndipo anafunsa ngati kudzakhala chabwino china kwa anthu akuda nkhondo ikatha. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe.

Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira, ndipo Azungu atatu anaphedwa. Chilembwe anaomberedwa pa 3 Febuluwale. Otsatira ake ambiri anaphedwa ataweruzidwa, ndipo tchalitchi chake chachikulu cha njerwa anachigumula. Akristu atsutsana kufikira lero ngati kunali koyenera kuti mbusa atenge chida. Koma funso la m'kalata yake silinafe naye. Akale anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Ndipo mau amenewa anagonera zaka zoposa zana.

Nthano za M'mabuku

Ku Ulaya anthu ambiri anadziwa za Africa ndi za nkhondo mwa kuwerenga nthano zopeka zochititsa nthumanzi, zija za azondi, za kuthamangitsana ndi za kupulumukira m'kamwa mwa mbuzi, zimene munthu akaziyamba sagona kufikira atazitsiriza.

Katswiri wa nthano zotere anali John Buchan, mwana wa mbusa wa ku Scotland. Buku lake lotchedwa The Thirty-Nine Steps linatuluka m'chaka cha 1915, ndipo asilikali analiwerenga m'maenje a nkhondo ku France. Buchan anali Mkristu wopembedza, ndipo anadziwa chisoni cha nkhondo, pakuti mng'ono wake anafera ku Arras m'chaka cha 1917. Koma kale, m'chaka cha 1910, anali atalemba buku lina lotchedwa Prester John. M'menemo muli mbusa wakuda wophunzira kwambiri, John Laputa, amene atsogolera anthu ake kuukira Azungu kumwera kwa Africa. Wolembayo amjambula monga munthu wamkulu ndi wolimba mtima, komabe monga ngozi yoyenera kuigonjetsa. Zaka zisanu zisanathe, mbusa weniweni anaukira ku Chiradzulu. Owerenga a ku Ulaya anali ndi chithunzi chokonzeratu chomuonera, koma kalata yake sanaiwerenge.

Nthano yotchuka koposa yonena za nkhondo ya kum'mawa kwa Africa ndi The African Queen, yolembedwa ndi C. S. Forester m'chaka cha 1935, imene inasanduka kanema m'chaka cha 1951. Iyamba pamishoni ya m'nkhalango. Ajeremani afika natenga anthu a pamishonipo kuti akakhale asilikali ndi amtengatenga. Mmishoni afa ndi chisoni, ndipo mlongo wake, Rose, akwera kasitima kakang'ono pamodzi ndi makanika wina dzina lake Allnutt, natsika mtsinje wa mathithi ndi cholinga chokamiza sitima ya nkhondo ya Ajeremani panyanja. Nthanoyi njokoma ndithu. Koma woiwerenga mosamala aona chinthu chimodzi: anthu aja anatengedwa pachiyambi samvekanso. Nkhani itsata Azungu awiri, ndipo mudzi wathunthu usowa pakati pa masamba.

Zimene zinachitikadi panyanja ya Tanganyika zinali zodabwitsa koposa nthanoyo. M'chaka cha 1915 Angerezi anatenga maboti awiri a injini, Mimi ndi Toutou, kuchokera ku London kufika ku Cape Town pasitima, ndi kuchokera kumeneko panjanji kufika m'dziko la Congo. Pamene njanji inathera, mabotiwo anakokedwa pamtunda, kudutsa mapiri ndi mitsinje, ulendo woposa mamailosi zana. Anakoka ndi makina a nthunzi ndi ng'ombe. Koma amene analambula njira, namanga milatho, nagwira zingwe pamatsitso, anali amuna a m'dzikomo mazanamazana. Ndipo madzi atasowa, akazi a m'midzi anawatunga m'mitsuko kuchokera kutali kuti makinawo asazime. Mabotiwo anagwira sitima ya Ajeremani yotchedwa Kingani pa 26 Disembala 1915, ndipo ina, Hedwig von Wissmann, inamizidwa m'mwezi wa Febuluwale 1916. Dzina la mtsogoleri wa ulendowo, Geoffrey Spicer-Simson, lili m'mabuku ambiri. Maina a akazi osenza mitsuko aja mulibe.

Nthano zotere si zoipa, ndipo ziphunzitsa kulimba mtima. Koma munthu wanzeru akawerenga za ngwazi imene yayenda ulendo wautali m'tchire, ayenera kudzifunsa: nanga katundu wake anasenza ndani?

Nyimbo ndi Magule

Amene sanalembedwe m'mabuku anadzilemba okha m'nyimbo. Asilikali ndi amtengatenga anali kuimba poyenda, mmodzi kutsogolera ndi ena kuvomera, kuti mapazi agwe pamodzi ndi katundu apepuke. Anaimba za njala, za kutalika kwa njira, za anzao otsala m'tchire, ndi za akazi ao kumudzi. M'nyimbo munthu anatha kunena zimene sakadanena pamaso pa kapitao.

Panalinso gule. M'zaka za m'ma 1890, m'mizinda ya Aswahili ya kugombe la nyanja yamchere, monga Mombasa ndi Lamu, achinyamata anayamba gule wotsanzira magulu oimba a asilikali, namtcha beni, potengera liu la Chingerezi lotchulira gulu loimba. Nkhondo inamwaza guleyu m'maiko onse amene asilikali anadzeramo. Amuna obwerera kwao anabwera naye, ndipo dera lililonse linamuumba mwa mtundu wake. Pakati pa Ayao a kumwera kwa nyanja anakhalabe beni. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndi kwa anthu a ku Karonga anakhala malipenga. M'chigawo chapakati anakhala mganda. Kumigodi ya ku Northern Rhodesia kunabuka gule wa mtundu womwewo wotchedwa kalela.

Woonerera malipenga kapena mganda aona nkhondo ija ili yosandulika. Amuna aima m'mizere ngati paperete, atavala malaya ndi makabudula oyera ndi masokosi ataliatali. Ng'oma yaikulu ilira ngati ya asilikali. M'malo mwa malipenga amkuwa, amene anthu a m'midzi sakadatha kugula, aimbira m'zikho zouma zoboola, zomata kanthu kopyapyala pabowo kuti mau anjenjemere. Gulu lililonse litchedwa boma, ndipo lili ndi mfumu yake, akapitao ake, ngakhale dokotala wake woyendera mizere kuona ukhondo wa ovina.

Ena anayesa kuti kumeneku kunali kutsanzira Azungu chabe. Koma taonani chimene chinasinthika. Kunkhondo munthu wakuda anali kulamulidwa. Pabwalo la gule maudindo onse, kuyambira mfumu kufikira woimba ng'oma, anali ake. Kunkhondo mizere inali kumka kuimfa. Pabwalo mizere ipikisana pa ukhondo ndi luso, ndipo opambana alandira nthungululu za akazi. Anthu anatenga chinthu chimene chinawazunza, nachisandutsa chokondweretsa mudzi. Ndipo pamene amuna enanso anapita ndi Keyala kunkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945, ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, anabwera ndi nyimbo zatsopano zoonjezera pa zakalezo.

M'zaka za m'ma 1970 mphunzitsi wa mbiri, Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira a pa Chancellor College, anayendera midzi kufunsa okalamba amene anaiona nkhondo yoyamba. Anapeza kuti nkhalambazo zinali kukumbukirabe njira, njala ndi nyimbo. Mau ao ndiwo maziko a buku lake lotchedwa The Chiwaya War, lotuluka m'chaka cha 2000. Akadachedwa zaka khumi, ambiri a iwo sakadawapeza amoyo.

Miyala Yopanda Maina

Nkhondo isanathe, m'chaka cha 1917, Angerezi anakhazikitsa bungwe losamala manda a ofera kunkhondo, limene lero litchedwa Commonwealth War Graves Commission. Lamulo lake linali labwino: kuti wakufa aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, wolemera kapena wosauka, akumbukiridwe ndi dzina lake pamwala wofanana ndi wa mnzake. Ku France ndi ku Belgium lamuloli analisunga, ndipo ngakhale amene mitembo yao sinapezeke maina ao anazokotedwa pamakoma.

Ku Africa sanalisunge. Akulu ena a Boma la atsamunda ananena kuti munthu wakuda sangamvetse tanthauzo la mwala wa pamanda, ndi kuti chipilala chimodzi chikwanira onse. Chotero ku Dar es Salaam m'chaka cha 1927, ndi ku Mombasa ndi ku Nairobi, anaimika zifanizo za mkuwa zokumbukira asilikali ndi amtengatenga, zokhala ndi mau oyamika koma zopanda maina ao. Manda ambiri a anthu akuda analekedwa kuti amere tchire. Akulu amenewo sanadziwe, kapena sanafune kudziwa, kuti anthu a maiko ano alemekeza manda koposa, ndi kuti dzina la gogo lipatsidwa kwa mdzukulu kuti lisafe.

Choonadi chinatuluka mochedwa. Mphunzitsi wina wa ku London, Michèle Barrett, anafufuza m'makalata akale a bungwelo, ndipo m'chaka cha 2019 phungu wa Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, David Lammy, anaonetsa nkhaniyi pakanema. Bungwelo linaika anthu oti afufuze, ndipo m'mwezi wa Epulo 2021 zopeza zao zinalengezedwa. Anapeza kuti anthu osachepera 116,000, ndipo kapena ofika 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi maina ao, kapena sanakumbukiridwe konse. Anavomereza kuti tsankho la mtundu linali pakati pa zifukwa zake. Nduna yoona za chitetezo, Ben Wallace, inapepesa m'Nyumba ya Malamulo.

Kuchokera pamenepo ntchito yofunafuna maina inayamba m'nyumba zosungira makalata akale. M'mwezi wa Januwale 2025 anatsegula chikumbutso chatsopano ku Cape Town, chokhala ndi maina oposa 1,700 a amuna akuda a ku South Africa amene anafa akugwira ntchito za nkhondo imeneyo, dzina lililonse pamtengo wakewake. Panapita zaka 110 kuchokera pamene mbusa wa ku Mbombwe analemba kalata yake.

Simoni wa ku Kurene

Amuna amene anapita kunkhondo ya Chiwaya sanali a chipembedzo chimodzi. Akeyala ambiri anali Ayao a Chisilamu, ena anali Akristu, ndipo ambiri anatsata mapembedzedwe a makolo. Onsewa agwirizana pa chimodzi, kuti wakufa sayenera kutayidwa ngati chinthu. Koma kwa Mkristu pali nkhani ina m'Mauthenga Abwino yoyenera kuilingalira pa tsiku la chikumbutso.

Pamene Yesu anali kumka kukapachikidwa, asilikali a Chiroma anagwira munthu wongodutsa, wochokera kumunda, namkakamiza kusenza mtanda. Munthuyo anali wa ku Kurene, mzinda wa kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero litchedwa Libya. Sanadzipereke yekha, sanalipidwe, ndipo mlanduwo sunali wake. Anali mtengatenga wa asilikali a ufumu wachilendo. Koma Mateyu, Marko ndi Luka onse atatu analemba dzina lake, kuti anali Simoni. Ndipo Marko anaonjezera maina a ana ake awiri, Alesandere ndi Rufo. Asilikali amene anamgwira sadziwika maina ao. Wosenza katundu ndiye adziwika.

Apa pali muyeso woyesera chikumbutso chilichonse. Kulemekeza msilikali wa mendulo nkoyenera, pakuti anaika moyo wake pachiswe. Koma chikumbutso chimene chiona wogwira mfuti yekha, osaona wosenza ufa umene msilikaliyo anadya, ndi mkazi amene analima yekha munda zaka zitatu, nchoperewera.

Maina ambiri a amtengatenga sadzapezeka m'makalata a Boma, pakuti sanalembedwe. Koma m'mabanja ena mukali nkhalamba zimene zinamva kwa agogo ao kuti uje anatengedwa pa nkhondo ya Chiwaya, sanabwerenso. Dzina lotere likhala m'kamwa mwa munthu mmodzi kapena awiri, ndipo iwo akapita lipita nao. Munthu amene waphunzira kugwira cholembera, ngakhale waphunzira atakula, ali ndi mphamvu imene makolo aja analibe. Angathe kukhala pansi ndi wokalamba wa m'mudzi mwake, namfunsa dzina la wopitayo, mfunda wake, mudzi wake ndi mfumu yake, nazilemba m'kope kapena patsamba loyamba la buku la mapemphero la banja. Ndipo lipenga likadzalira m'mwezi wa Novembala, ndi khamu likadzakhala chete mphindi ziwiri, banja limenelo lidzakhala ndi dzina loti lilitchule mumtima.